Mipesa ya Ludzu ya a Eshpulat

Tsiku limene amayi a ku tauni ya Parkent anabwera kudzafunsira mbeta mwana wamkazi wa a Eshpulat, mwininyumba anawalandira ndi miyendo. Sikuti anali amwano ayi. Kungoti mutu, mapewa ndi theka la mimba zinali mumtsuko.

Unali umodzi mwa mitsuko ikuluikulu ija ya makolo, yoti munthu wamkulu n'kukwanamo ngati amadya mosamala. A Eshpulat sanadyepo mosamala chibadwire. M'mawa umenewo anaukoka mtsukowo m'khola la nkhosa, momwe unakhala zaka zambiri ukusunga akangaude, anaugoneka pakati pa bwalo, n'kulowamo ndi chisanza kuti akaupukute mpaka pansi. Polowa mimba inalolera. Potuluka inakana.

"Mayi ake! Mayi ake a Jonibek!" anakuwa motero. Koma mawu a mumtsuko amamveka ngati ng'ombe ikulira kuseri kwa phiri, choncho akazi awo, a Kumri, anangosuzumira kuphiriko n'kupitiriza kukanda ufa wa buledi.

Alendo aja anafika atavala mipango yawo ya paukwati, atanyamula mikate yokulunga m'nsalu yoyera. Atakankha chitseko cha mpanda anapeza nsapato ziwiri zamphira zikupalasa m'malere. Wamkulu wawo, mayi wojintcha wa mano agolide, anaima kaye, kenaka anazipatsa moni nsapatozo mwaulemu wonse. Anafunsa za thanzi, za ana, za ziweto, monga mwambo ulili. Mtsuko unayankha kuti zonse zili bwino, tithokoze Mulungu, nanga kaya kwanuko.

Anawatulutsa ndi mafuta a thonje, botolo lathunthu limene a Kumri anasungira mpunga wa alendowo. Amayi awiri anagwira mtsuko, awiri anakoka miyendo. A Eshpulat anatuluka kuti phwee, akunyezimira ngati nsomba yokazinga, koma buluku linatsalira m'manja mwa mayi wa mano agolide uja. Ukwati unachitika ndithu. Akuchimuna anati bambo wotsuka mtsuko mwakhama chonchija sangalere mwana wauve.

Tsono wina angafunse kuti munthu wosamwa ankafunanji mumtsuko wa vinyo. Pakuti a Eshpulat samwa. Analawapo kamodzi ali mnyamata paukwati wa msuweni wawo, anayetsemula mpaka chipewa kugwera mumsuzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi munthu wa tiyi basi. Kuti nkhaniyi imveke tiyambe ndi bambo awo, malemu a Kholmat.

Pamwamba pa mudzi wathu wa Sarikiya pali chitunda chopanda ngalande, chopanda kasupe, choti ngakhale mbuzi zimakwerako zikung'ung'udza. Pamenepo makolo a a Kholmat anadzala mipesa ya mtundu wa Soyaki, ya mphesa zoyera zija zimene agogo athu ankafinyira vinyo wawo wa m'nyumba. Mipesa imeneyi siithiriridwa. Imamwa chipale chofewa chikamasungunuka, imamwa mvula ya m'nyengo yophukira mitengo, basi yatha, miyezi yotentha yonse imadzionera yokha. Ndiye kunabwera chaka chija boma linadana ndi zakumwa, n'kulamula kuti minda ya vinyo izulidwe. Mathirakitala anayenda chigwa chonse. A Kholmat atamva kuti mawa lake ndi tsiku la chitunda chawo, anachita zimene tonse timachita chisanu chikayandikira, poopa kuti mipesa ingafe ndi kuzizira: anagoneka mipesa pansi n'kuikwirira ndi dothi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anachita zimenezi dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene palibe munthu wamutu wake amakwirira mpesa.

Woyendetsa thirakitala anali mnyamata wa kutali. Atakwera anapeza mitumbira ili ndandanda, ndipo pambali pake panakhala nkhalamba itatambasula manja, ikuusa moyo. A Kholmat sananame. Sanalankhule n'komwe. Mnyamatayo anazimitsa injini, anatsika, anapemphera nawo, anadzipukuta kumaso ndi zikhatho, anapepesa chifukwa cha phokoso, n'kubwerera chafutambuyo. Mawa lake a Kholmat anafukula akufa awo, ndipo ambiri anadzuka.

Umo ndi momwe Soyaki anatsalira pa chitunda chimodzi chokha m'dera lathu lonse. Anthu ena atayambiranso kudzala, anadzala kishmish, mphesa zakuda zopanda njere zimene anthu a mumzinda waukulu wa Toshkent amalimbirana pamsika. Soyaki n'ngwa khungu lopyapyala. Ukamukweza pagalimoto m'mawa, pofika kumsika umapeza phala. Choncho mipesa ya a Kholmat inangokhala ngati azakhali okalamba amene banja limawasunga chifukwa cha ulemu.

A Eshpulat eniake moyo wawo wonse anali mirob, woyang'anira madzi a m'ngalande. Iwo ndi amene ankatsegula ndi kutseka madzi, kunena kuti lero ndi munda wa uje, mawa wa uje. Palibe munthu m'Sarikiya amene sanawatukwanepo, ndipo palibe amene sanawapatsepo vwende. Ankayenda ndi khasu paphewa, chifuwa patsogolo, ndipo ankadziwa mwini wa dzenje lililonse lobowoledwa mobisa m'mbali mwa ngalande. Atapuma pantchito anasowa womuletsa madzi, ndiye anayamba kukwera kuchitunda tsiku ndi tsiku kukacheza ndi mipesa ya bambo awo.

Vuto linabwera ndi mwana wawo wamwamuna, Jonibek, atabwerako ku ntchito za zomangamanga kunja. Mnyamatayo anabwera ndi jekete lachikopa, foni yosasiya kulira, ndi maganizo. Anati pansi pa chitunda akumba chitsime, aika pampu, akweza mapaipi, azula zitsa zakalezo, adzala kishmish.

"Adada, mundawu umatipatsa chiyani? Mavu basi."

"Umatipatsa ulemu."

"Ulemuwo tiziuthira mu tiyi?"

"Agogo ako anaika maliro abodza chifukwa cha mipesa imeneyi."

"Ndiye tsopano tiike enieni. Mathirakitala a masiku ano sapemphera, adada."

Mnyamatayo sanali woipa mtima, ndipo a Eshpulat ankadziwa kuti sakunama. Anali ndi mkazi, ana, ndi denga lodontha. Mwina nkhani ikanathera pomwepo zikanakhala kuti sikunatulukire mayi wina wa kuchigwa dzina lake Gulandom, amene ali ndi kanyumba kopangira vinyo ndipo amayendayenda m'mapiri kufunafuna mitundu ya mphesa imene anthu anaitaya. Anafika ndi kagalimoto kafumbi, anakwera chitunda osapuma, anagwada pa tsinde limodzi lopindika ngati bondo la nkhalamba, n'kuyamba kulisisita.

"Amalume, mipesa iyi imamwa madzi a kuti?"

"A kumwamba, mwana wanga. Ndipo sindine ndimatsegula."

"Ndiye chaka chino ndipangireni vinyo monga ankapangira bambo anu, mumtsuko, osathiramo kanthu. Ndidzabwera kudzalawa musanafukule mipesa. Akadzandikomera, ndizitenga mphesa zanu zonse chaka ndi chaka, ndiponso nthambi zokadzala. Koma dontho la madzi lisagwere pamizu iyi. Mpesa ukamva ludzu m'pamene mphesa zake zimalankhula."

Pamenepo bambo ndi mwana anapangana, a Kumri ali mboni. Mayiyo akadzavomera, mipesa ikhala. Akadzakana, Navruz, chikondwerero chathu cholandira nyengo yophukira mitengo, ikangodutsa thirakitala ikwera. Ndicho chifukwa chake a Eshpulat anakalowa mumtsuko muja.

Chaka chimenecho kunatentha mochititsa manyazi. Udzu wa m'zitunda unapsa msanga, agalu anasiya kuuwa poopa kuwononga malovu. Mipesa ya a Eshpulat inayamba kuzyolika, masamba ake atapinda ngati makutu a bulu wodwala, ndipo chitundacho chimaoneka bwino lomwe kuchokera pakhomo lililonse m'mudzi.

Woyamba kulankhula anali a Mastura, aneba awo a kuseri kwa mpanda, mayi wamasiye wa pakamwa posachedwa, amene amaika mbale ya madzi panja kuti mpheta zimwe.

"Achimwene Eshpulat, simukuopa Mulungu? Chinthu chamoyo chikufa ndi ludzu inu mukuyang'ana!"

"Sichikufa, achemwali Mastura. Chikuganiza."

"Chikuganiza chiyani?"

"Chikuganiza zotsitsa mizu pansi. Mukachipatsa madzi chikhala chaulesi ngati mkamwini wanu."

"Musiyeni mkamwini wanga, amadwala msana. Inu munatimana madzi zaka zonse zija, pano mwasowa womumana mwayamba mitengo!"

Tsono kuno kwathu kumwetsa chinthu chaludzu ndi sawabu, ntchito imene Mulungu amailemba kumbali yabwino. Munthu amatha kumana m'bale wake mchere, koma sangadutse kamtengo kofota ali ndi madzi m'manja. Ndipo sawabu yokoma ndi yochita mobisa, dzanja lina osadziwa. A Mastura anadikira masana, nthawi imene a Eshpulat amagona chagada pansi pa mtengo wa mabulosi atadziphimba nyuzi kumaso. Anamangirira zigubu ziwiri pabulu wawo n'kukwera. Anathirira mizere ya m'munsi akunong'oneza mpesa uliwonse kuti, "Imwa mwanawe, usamuuze."

Sanadziwe kuti sanali okha. A Norbuta, mlamu wawo wa a Eshpulat, amene ali ndi ngolo ya mgolo yomwetsera nkhosa, ankapatuka Lachisanu lililonse pamene a Eshpulat ali kumzikiti, n'kutsegula mgolo wonse pamizere yomweyo. Iwo ankati pemphero limodzi lophonya silingapose mipesa yambiri chonchi yopulumutsidwa. Mphunzitsi wopuma ntchito ankapita m'bandakucha ndi ketulo. Ngakhale a Kumri, amene anali mboni ya pangano lija, ankati akupita kukathyola timbewu tonunkhira, chidebe chili pansi pa mpango. Aliyense ankaganiza kuti ndi iye yekha amene ali ndi mtima m'mudzi muno.

Mipesa inadzuka. Masamba anatambasuka, anabiriwira, nthambi zinayamba kukwerana. A Eshpulat ankati akakwera m'mawa, dothi la pamwamba litauma kale ndi mphepo yotentha ija, ankangoima manja m'chiuno, misozi ili m'maso. Madzulo ankatsikira ku choyhona, nyumba yathu ya tiyi, kukalalikira.

"Mwaona? Mwaona, anthu osakhulupirira inu? Mizu ya Soyaki imatsika kuposa kutalika kwa nsanja ya mzikiti! Dontho olo limodzi sindinathire! Norbuta, unkati ifa. Yankhula tsopano!"

A Norbuta ankangoyang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche. "Zodabwitsa ndithu, alamu."

"Aphunzitsi, m'mabuku mwanu muli zotere?"

"Mulibe," ankayankha aphunzitsi, akutsokomola.

Zinayenda choncho mpaka mphesa zitayamba kufewa. M'mawa wina a Eshpulat anawerama kuti aone phava lina lalikulu ngati mwana wa nkhosa, ndipo pansi pa masamba anakumana maso ndi maso ndi chule. Chule wonenepa, wonyowa, wokhutira ndi moyo. Anayang'anana kwa kanthawi. Munthu amene wagwira ntchito ya ngalande moyo wake wonse amadziwa kuti chule sakwera chitunda chouma kukaona malo. Anakumba ndi chala pansi pa tsinde. Chala chinatuluka ndi matope.

Anamunyamula chuleyo m'chipewa, anatsika naye, anadutsa pakati pa mudzi osapereka moni kwa aliyense, n'kukamuika pa nsalu ya chakudya ku choyhona, pakati pa mbale ya shuga ndi buledi.

"Mlendo uyu ndamupeza kumunda kwanga. Akuti anabwera pa galimoto. Ndikufuna dalaivala wake."

Chule anayang'ana uku ndi uku, kenaka analumpha kamodzi n'kutera pa bondo la a Norbuta. Anthu mpaka lero amati anawazindikira.

"Alamu, ndinangothira pang'ono," anatero a Norbuta. "Lachisanu lokha. Mgolo umodzi umodzi."

"Mgolo!"

"Lachisanu?" anadabwa aphunzitsi. "Ndiye n'chifukwa chake Loweruka ndinkapeza ponyowa! Ine ndinkayesa ketulo yanga ndi yodalitsika."

Pamenepo anayamba kuulula ngati anthu ogwidwa pa msika. Wometa anati iye anapitako kawiri. Wophika wa pa choyhona anati madzi otsukira mpunga ndi abwino ku mbewu. A Mastura, amene anamva phokoso ali pa mseu, analowetsa mutu pawindo n'kunena kuti iwo sabisa, anathirira, ndipo mawa akathiriranso. Kenaka anawonjezera kuti, "Ndipo mukafunse kunyumba kwanu kuti timbewu tonunkhira timathyoledwa ndi chidebe kuyambira liti."

A Eshpulat sanakalipe. Zimenezi n'zimene zinatiopsa. Anangotenga chipewa chawo chonyowa, anachivala, n'kutuluka. Anakakhala kumunda mpaka dzuwa kupendeka, akuyang'ana mapava okongola aja, amene tsopano anayamba kung'ambika okha chifukwa chokhuta, mavu ali piringupiringu. Munthu amene anagwira akuba madzi a mudzi wonse anali atalephera kugwira obweretsa madzi. Ndipo zimene zinkawapweteka kwambiri n'zakuti sakanatha kudana ndi aliyense. Anthuwo anawaphera munda ndi chifundo.

Atafika kunyumba a Kumri anawaikira tiyi osawayang'ana.

"Bambo ake, masamba aja ankandimvetsa chisoni."

"Nanga ine sindikumvetsa chisoni?"

"Inu mumamwa tiyi kasanu patsiku."

Panali mbali imodzi yokha imene chifundo sichinafikeko. Kumtunda kwenikweni, kuseri kwa kachigwembe kamiyala, kuli mizere ingapo kumene bulu wa a Mastura anakana kuwoloka, ngolo ya a Norbuta sinkafika, ndipo mawondo a aphunzitsi anati zikomo. Kumeneko mipesa inali yomvetsa chisoni, masamba achikasu, timapava tochepa, timphesa tating'ono tofiirira ndi dzuwa, tina tokwinyika ngati zitosi za mbuzi.

Nthawi yokolola a Eshpulat anafinya mphesa za m'munsi mumtsuko waukulu uja, ndipo unadzaza mpaka m'khosi. Za kumtunda anazifinyira padera m'kamtsuko kamene a Kumri ankasungiramo mafuta a nkhosa, ndipo sikanadzaze n'komwe. Anamata pakamwa pa mitsuko yonse ndi dongo, anakwirira mipesa chisanu chisanafike, n'kudikira.

Chipale chitayamba kusungunuka anatsegula. Apa panabuka vuto lina: ndani alawe? Mwiniwake samwa. Ndipo m'Sarikiya, mudzi umene paukwati mabotolo amatha msanga kuposa buledi, simunapezeke munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa kukoma kwa vinyo dzuwa likuwala. Aliyense ankati, "Ine ayi, achimwene, mwina malemu amalume anga." Potsiriza a Norbuta, pofuna kulipira mlandu wa chule uja, anavomera kuti angonunkhiza. Ananunkhiza kapu yathunthu ya mumtsuko waukulu mpaka inauma.

"Uyu ndi wofatsa, alamu. Amatsika ngati madzi. Sangakhumudwitse munthu."

Kenaka ananunkhiza wa m'kamtsuko. Anatsinzina, anakwinya mphuno, anagwedeza mutu ngati hatchi.

"Uyu amaluma. Akugwira lilime, akukana kuchoka. Wawonongeka ameneyu. Apatseni achemwali azithira mu anyezi."

A Eshpulat anayang'ana okha. Wa mumtsuko waukulu anali woyera mbee, wooneka bwino, wochuluka. Wa m'kamtsuko anali wachikasu ngati mkodzo wa ngamila, wafungo lamphamvu, ndipo wochepa moti kumuika pamaso pa mlendo kukanakhala kudzitukwanitsa. Kuno mlendo umamupatsa chachikulu ndi chokongola, chonyansa umabisa kuseri kwa chitseko. Choncho kamtsuko kanapita kukhitchini kukakhala viniga.

Gulandom anabwera kutatsala masiku ochepa kuti Navruz ifike. A Kumri anali ataphika kuyambira m'mawa: mpunga wa nyama ya nkhosa wokhala ndi mitu ya adyo yathunthu, masamusa a mu uvuni, maswiti, mtedza, uchi. Aneba anadzaza m'nyumba, aliyense ndi chifukwa chake. A Mastura anati abwera kudzabwereka sefa. Jonibek anakhala pakona, foni ili pa bondo.

"Azakhali, mundikhululukire," anatero mlendoyo. "Ndisanalawe sindidya kanthu. Mungondipatsa madzi ndi kachidutswa ka buledi."

A Kumri anagwira pamtima. Madzi ndi buledi, ngati kundende! A Mastura ananong'oneza mokweza kuti n'chifukwa chake ndi wowonda.

A Eshpulat anabweretsa jagi yodzaza. Gulandom anathira pang'ono, anazunguza, ananunkhiza, analawa, n'kulavulira m'mbale. A Norbuta anabuula poona kuwononga koteroko. Mayiyo analawanso, ngati munthu wofunafuna ndalama m'thumba lobooka.

"Amalume, mipesa iyi inamwa."

Aphunzitsi anayamba kuwerenga matabwa a kudenga.

"Inamwa, mwana wanga," anatero a Eshpulat. "Inamwa kwambiri. Ndili ndi aneba abwino."

"Pepani. Vinyoyu alibe cholakwa, koma alibenso chonena. Sindingamutenge."

A Eshpulat anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana wawo. Jonibek sanasangalale ayi, tinene zoona, anayang'ana pansi, koma chala chake chinali chitayamba kale kufufuza nambala ya mwini thirakitala. Pangano ndi pangano.

"Chabwino, zatha," anatero a Kumri akupukuta m'maso. "Tsopano mudya, mufune musafune. Pakhomo pano munthu sachoka ndi njala, ngakhale wobweretsa uthenga woipa."

Anabweretsa mpunga, ndipo pambali pake mbale ya anyezi wodula mopyapyala, amene anamuthira viniga wawo watsopano uja mosaumira. Gulandom anatambasula dzanja mwaulemu kuti atenge pang'ono. Dzanja linaima m'malere. Anaweramira mbaleyo. Anainyamula n'kuifikitsa kumphuno, anyezi ndi zonse.

"Azakhali, mwathira chiyani umu?"

"Viniga. Ngati waipa ndikutsukireni."

"Ali kuti?"

"Kukhitchini, kuseri kwa chitseko. Musalowemo, simunasesedwe!"

Koma mlendo anali atadzuka kale, ndipo mudzi wonse unamutsatira mpaka m'khitchini yosasesayo. Anavundukula kamtsuko, anatunga ndi chikho cha msuzi, anachapa m'kamwa ndi madzi, analawa. Ulendo uno sanalavule. Anaima chotsinzina nthawi yaitali moti a Mastura anafunsa ngati akomoka.

"Uyu wachokera kuti?"

"Kumtunda, kuseri kwa chigwembe," anatero a Eshpulat mwamanyazi. "Kumene bulu anakana. Timphesa take n'tonyansa, mwana wanga, sindinafune kukuchititsa manyazi."

"Mwathira mu anyezi wochuluka bwanji?"

"Kuyambira sabata yatha," anayankha a Kumri. "Ndi mu tomato. Ndinatsukiranso ketulo."

Gulandom anakhala pansi pa thumba la ufa. Anaseka mpaka misozi, kenaka anawagwira dzanja a Eshpulat ndi manja awiri.

"Amalume, uyu ndiye ndakhala ndikumufuna m'mapiri monsemu. Munda wonse ungathe kubala chonchi, akangousiya ndi ludzu lake. Ndizitenga mphesa zonse. Mukamadulira mundisungire nthambi iliyonse, ngakhale yopyapyala ngati chala."

"Koma amaluma," anatero a Norbuta.

"Eya, amaluma. Mumafuna azikupsompsonani?"

Maso onse anatembenukira kwa Jonibek. Mnyamatayo anayang'ana foni yake, anayang'ana bambo ake, amene anali ataima pakati pa mapoto. Anaika foni m'thumba.

"Kishmish wanga ndidzala kumunsi, kuseri kwa khola," anatero. "Paipi ikhalanso yaifupi. Koma adada, ketulo ija musaitsuke, mwina nayo aigula."

Chovuta chimene chinatsala chinali kuletsa chifundo. A Eshpulat anazungulira khomo ndi khomo, khasu paphewa ngati kale, kulumbiritsa anthu. Anafika mpaka kwa imamu, amene anamvetsera nkhani yonse akuyang'ana kumbali, n'kunena kuti iye za mitsuko sakuzidziwa ndipo sakufuna kuzidziwa, koma pa nkhani ya mitengo, kumwetsa chinthu chimene sichinapemphe madzi si sawabu, ndi kulowerera. Mawu amenewa anathandiza, ngakhale kuti chaka chotsatira a Eshpulat anagwirabe aphunzitsi pa chigwembe ali ndi ketulo, akuti amapita kukamwera tiyi pamalo okwera.

Papita zaka zingapo tsopano. Mukaima pa mlatho n'kuyang'ana kumpoto, muona zitunda zimene kale zinali za mbuzi zili ndi mizere ya timipesa tating'ono, tonse ana a zitsa za a Kholmat. A Norbuta adzala. Mkamwini wa a Mastura, wa msana uja, adzala kuposa aliyense atamva kuti ndi mbewu yosafuna kunyamulira madzi. A Eshpulat akalamba, amakwera chitunda pa bulu, ndipo vinyo wawo amene akuti anthu a m'mizinda amamuzunguza m'magalasi aataliatali sanamulawebe. Akafunsidwa kuti amakoma bwanji amayankha kuti, "Akuti amalankhula."

Mtsuko waukulu uja sunatayidwe. Unakhala pakona osamatidwa mpaka vinyo wofatsa uja anasasa n'kusanduka viniga weniweni, ndipo a Kumri anagawira mudzi wonse, botolo khomo lililonse, kuyambira kwa amene anathirira kwambiri. Tsiku lina mtolankhani wina wachitsikana anabwera kudzalemba za kuuka kwa mphesa zakale. Atamaliza ndi a Eshpulat anasuzumira pampanda n'kufunsa a Mastura, amene ankaviika nkhaka m'mabotolo, kuti akumva bwanji kukhala moyandikana ndi munthu wotchuka.

A Mastura sanatukule n'komwe mutu.

"Za vinyo wakeyo kafunseni akumwa, ine ndine wa mapemphero. Koma lembani kuti chinthu chanzeru chimene chinatulukapo m'munda umene uja ndi viniga uyu, ndipo ndinathirira ndine."